Misozi ya Mariya ndi Misozi ya Mowa

Mwezi watha aphunzitsi athu a Chingerezi anandibwezera chimangirizo changa chonena za tsiku limene ndinachoka kwathu kudza kusukulu, ndipo m'mphepete analemba liu limodzi ndi inki yofiira: maudlin. Ndinali nditalemba kuti amayi analira, agalu analira, ngakhale mapiri a Misuku analira. Ndinapsa mtima, koma nditatsegula buku lomasulira mau ndinachita manyazi. Liuli linena za munthu wolira mopitirira popanda chifukwa chokwanira, makamaka iye amene ayamba kudzimvera chisoni atakhuta mowa.

Chiyambi chake n'chodabwitsa. Lichokera ku dzina la Mariya wa Magadala, monga momwe Angerezi akale anali kulitchulira; kufikira lero koleji ya Magdalen ku Oxford itchulidwa chimodzimodzi ndi liuli. M'chaka cha 591 Papa Gregory Woyamba analalikira kuti Mariya ndiye mkazi wochimwa wa pa Luka 7 amene anasambitsa mapazi a Yesu ndi misozi, chinkana Luka sanatchule dzina la mkaziyo. Tsono ojambula zithunzi anazolowera kumjambula alikulira, ndipo pofika zaka za m'ma 1600 dzina lake linasanduka chitonzo cha oledzera olira.

Ine ndiganiza kuti Angerezi anamlakwira Mariya. Pa Yohane 20 iye analiradi kumanda, koma anali atalawira kukali mdima, ndipo atatha kulira anapita kukauza anzake zimene anaona.

Kuno ku Chitipa mitundu iwiri iyi ya misozi tiidziwa bwino. Pamaliro pali amayi olira kufikira mau atasasa, koma omwewo ndiwo anadza ndi ufa ndi nkhuni pamutu, nakatunga madzi. Palinso abambo ena ofika madzulo atamwa, nagubuduka pansi, nalira koposa wamasiye, koma pokumba manda saoneka. Amenewa ndiwo liuli liwayenera.

Anzanga, tisachite manyazi kulira, kapena kulemba za chisoni. Koma tidzifunse ngati tilira chifukwa mtima wawawa, kapena kuti anthu atione. Chimangirizo chija ndachilembanso, ndipo agalu ndi mapiri ndawachotsa. Atsala amayi okha, amene kunena zoona sanalire konse. Anandimangira mtedza wokazinga m'kansalu, nandisenzera sutikesi kufikira pamseu.