ATILOLE TIPITE MASANA, TILEKE KUZEMBA USIKU

Ndipempha kuti mundilole ndiyale maganizo anga pa nkhani imene ivuta m'sukulu zogonera za kuno kunyanja. Nkhaniyo ndi iyi: kodi nkoyenera kuti wophunzira wa sekondale apite pamodzi ndi anzake ku madyerero a nyimbo, kumene mabandi aimba ndi magitala a magetsi pamaso pa chinamtindi cha anthu? Lamulo la m'sukulu zambiri liyankha ndi liwu limodzi lokha, lakuti ayi. Ine ndiganiza kuti yankho limeneli nlalifupi kwambiri, ndipo litigwetsa m'ngozi yoposa imene lifuna kutipewetsa. Ndiyesa kufotokoza zifukwa zanga mwaulemu, ndipo amene aona kuti sindinalase adzandiyankhe m'magazini yotsatira.

Poyamba tikumbuke kuti madyerero otere sali achilendo m'boma lathu lino. Chikondwerero chotchuka cha Lake of Stars chinabadwira ku Chintheche mu 2004, mtunda wa makilomita ngati 40 kumwera kwa tauni yathu ya Nkhata Bay potsata mseu wa M5. Anachiyambitsa ndi Will Jameson, mnyamata wa ku England amene anayamba wakhalako m'Malawi monga wantchito wodzipereka, nabwerera kwao atalikonda dziko lino. Dzinalo lichokera pa mawu amene anthu amati ananena David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, poona nyali za asodzi zikuthwanima usiku ngati nyenyezi. Chikondwererocho chinakhala ku Chintheche zaka zinayi, kenaka mu 2008 chinasamukira ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo mu 2009 chinapita ku Nkopola ku Mangochi. Mu 2016 chinabweranso ku Chintheche, mu 2019 chinachitikira ku Kachere Kastle m'boma lathu lomwelino, ndipo mu 2024 chinali ku Nkhotakota. Chinayamba ndi anthu mazana owerengeka, koma m'zaka zotsatira ofikako anali zikwi. Mabandi a rock a ku Britain anaponda mchenga wa nyanja yathu: The Maccabees mu 2009, Noisettes mu 2010 ndi Foals mu 2011. Anaimbakonso Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, ndi athu omwe monga Lucius Banda ndi Black Missionaries. Tsono taganizani: munthu akwera ndege kuchokera ku London kudzaona chinthu chochitikira kuseri kwa nyumba yathu, koma ife eni mudzi tiuzidwa kuti titseke makutu.

Ena mwa akulu amati nyimbo za magitala a magetsi nzachilendo ndipo ziononga mwambo wathu. Mawu amenewa ndiwalemekeza, koma ndipempha kuti tiyang'ane mbiri. Nyimbo za rock zinaphuka ku America m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku nyimbo za blues ndi za m'matchalitchi a anthu akuda, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa ku Africa kuno. Chuck Berry ndi Little Richard, amene ali pakati pa oziyambitsa, anali anthu akuda monga ife. Kwa anansi athu ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970 kunabuka mabandi monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ndipo nyimbo zao, zotchedwa Zamrock, zinatchuka kufikira maiko akutali. Kwathu kuno malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021, ali mnyamata anaimbapo m'bandi ya Sounds Pentagon ya nyimbo zachizungu, ndipo pambuyo pake ndiye anakweza maimbidwe a kumpoto kuno pamaso pa dziko lonse.

Ndiponso gule wathu wa malipenga, amene tinyadira naye, anachokera kuti? Makolo athu anaona perete wa asilikali pa nthawi ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918, natenga mayendedwe ao, makabudula ndi masokosi ao aatali, napanga malipenga a zikho m'malo mwa amkuwa. Lero palibe anena kuti malipenga ngachilendo. Atonga ndi anthu oyenda kuyambira kale. Clements Kadalie wa ku Chifira anakafika ku Cape Town nayambitsa bungwe lalikulu la antchito mu 1919, ndipo agogo athu ambiri anabwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare ndi magalamafoni ndi magitala. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambo wamoyo suopa mlendo. Umutengera chabwino nusiya choipa. Taonani Gasper Nali wa kuno ku Nkhata Bay, amene aimba babatoni wa chingwe chimodzi ndi botolo ndi kamtengo, phazi lake likugunda ng'oma: anakaimba mpaka ku Ulaya, ndipo sanasiye chida cha kwao.

Chachiwiri, kumadyerero kuli maphunziro amene sapezeka pa bolodi. M'kalasi ya Fizikisi tiphunzira za magetsi ndi za mayendedwe a mawu, koma ambiri a ife sitinaonepo munthu akulumikiza zokuzira mawu makumi awiri kuti woimba mmodzi amveke bwino kwa anthu zikwi zitatu. Imeneyo ndi ntchito, ndipo ili ndi malipiro. Pali omanga nsanja, oyatsa magetsi, ojambula zithunzi, olemba nkhani, ophika ndi olandira alendo. Boma lathu lidalira usodzi, ulimi wa chinangwa, mphira wa ku Vizara, tiyi wa ku Kawalazi, ndiponso alendo odzaona nyanja; ndipo si tonse amene tidzapeza malo ku yunivesite. Wophunzira amene aona ndi maso ake mmene ntchito zimenezi ziyendera abwerako ndi nzeru ya chimene angadzachite mawa. Kumeneko kumakhalanso ndakatulo ndi zisudzo. Chikondwerero cha Tumaini, chimene wolakatula Menes la Plume anachiyambitsa mu 2014 ku msasa wa othawa nkhondo wa Dzaleka ku Dowa, chinaonetsa kuti nyimbo zikhoza kukhazika pamodzi Mmalawi, Mkongo, Mburundi ndi Mnyarwanda. Kodi si phunziro lomwelo limene tiloweza m'mabuku a zachikhalidwe?

Chachitatu ndi ubwenzi. Nyimbo yomvera wekha pa foni ndi nyimbo yoimba pamodzi ndi anzako pamchenga nzosiyana monga nsima yodyera kuchipinda ndi nsima ya pa ukwati. Zaka zinayi za sekondale zitha msanga, ndipo tikalemba mayeso a MSCE tidzabalalika, wina ku Mzuzu, wina ku Usisya, wina pa Ilala kunka ku Likoma. Si chinthu chopepuka kuti anthu amene anadyera limodzi nyemba ndi mgaiwa akhalenso ndi tsiku limodzi lokondwera limene adzakumbutsana atakalamba.

Koma sindifuna kunamiza munthu kuti kumadyerero kulibe zoopsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Choopsa choyamba ndicho kupanikizana. Anthu a kumbuyo akakankha, a kutsogolo apanikizidwa pachifuwa kufikira alephera kupuma, ndipo munthu akhoza kufa ali chiimire. Mu 2000 ku Roskilde m'dziko la Denmark anthu 9 anafa pamene bandi ya Pearl Jam inali kuimba. Mu 2021 ku Houston ku America anafa anthu 10 pa chikondwerero cha Astroworld. Ndipo tisati nzakutali zokha: pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa popanikizana pa chipata cha bwalo la Bingu ku Lilongwe. Choopsa chachiwiri ndi mowa ndi chamba, zimene zipezeka paliponse pamene pasonkhana anthu ambiri usiku. Chachitatu ndi nyanja yomweyo, pakuti munthu woledzera wosambira mumdima sadziwa pamene mchenga uthera. Chachinayi, chimene chikhudza makamaka alongo athu, ndi amuna achikulire a ndalama m'thumba amene agulira mtsikana tikiti ndi chakumwa, nafuna malipiro amene aononga moyo wake wonse. Palinso vuto la nthawi, pakuti madyerero ambiri achitika m'miyezi ya September ndi October, sukulu zitatsegulidwa kale. Ndi vuto la ndalama, pakuti mtengo wa tikiti ndi wolemera kwa mwana wa msodzi. Aphunzitsi amene atiletsa aona zonsezi, ndipo sachita chifukwa cha nkhanza. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Funso langa tsono ndi ili: kodi chiletso chichotsa zoopsazo? Tonse okhala m'mahositelo tidziwa yankho lake. Mbiri ikamveka kuti bandi yakutiyakuti ifika, ambiri amvera lamulo nakhala, koma ena sakhala. Adikira belu la kugona, aika pilo m'bulangete, nadumpha mpanda. Ayenda mumdima, akwera matola kapena njinga yamoto ya munthu wosamdziwa. Palibe mphunzitsi kapena kholo lodziwa kumene ali. Wina akavulala, anzake aopa kukanena, pakuti kunena ndiko kudziulula. Mtsikana akachitidwa chipongwe abisa, chifukwa funso loyamba lidzakhala lakuti anali kufunako chiyani. Ndipo akagwidwa achotsedwa sukulu, mwina patatsala miyezi yochepa kuti alembe mayeso, fizi imene makolo anapeza pogulitsa usipa itapita pachabe. Madzi akatayika saoleka. Chotero lamulo limene linaikidwa kuti litisunge ndilo lichititsa kuti opitawo apite pa ora loipitsitsa, m'njira yoipitsitsa, popanda wamkulu wowayang'anira.

Nchifukwa chake ndipereka maganizo awa kwa a Hedimasitala ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Kamodzi pa chaka, chikondwerero chikachitika pafupi, ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 aloledwe kupita monga ulendo wa sukulu, chimodzimodzi ndi mmene tipitira ku mpira kapena ku mpikisano wa zisudzo. Aliyense abwere ndi kalata ya chilolezo ya makolo ake, pakuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino ati munthu wosakwana zaka 18 akali mwana. Tipite Loweruka masana pa galimoto imodzi, titavala yunifolomu kuti tidziwike, ndi aphunzitsi aamuna ndi aakazi, ndipo tibwerere dzuwa likamalowa. Tigawidwe m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake, ndipo maina aitanidwe ponyamuka ndi pobwerera. Amene apezeka ndi mowa, kapena asowa pa gulu lake, alangidwe kolimba ndipo asadzapitenso. Amene ali ndi mlandu wa mwambo, kapena sanamalize ntchito za m'kalasi, atsale. Mukatero ulendowo udzakhala mphotho ya khalidwe labwino, ndipo wodumpha mpanda sadzakhalanso ngwazi pamaso pa anzake, koma munthu amene afuna kutilanditsa tonse mwayi wathu.

Kwa okonza madyerero ndinena kuti mchenga umene muimbirapo ngwa makolo athu. Ikani maora a masana a ana a sukulu, pa mtengo umene mwana wa m'mudzi angathe, ndi malo opanda mowa. Ndipo pa nsanja yaikulu pakwerenso malipenga, chilimika ndi honala. Malemu Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anaonetsa poyambitsa Sand Music Festival mu 2010 kuti Amalawi akhoza kukonza okha zinthu zotere. Ifenso tingayambe pang'ono: Loweruka limodzi pa teremu, sukulu zoyandikana zisonkhane pa bwalo limodzi, wa gitala abwere ndi gitala, wa ng'oma ndi ng'oma yake.

Ndipo kwa inu anzanga, ufulu umene tipempha uli ndi katundu wake. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu: musasiye mnzanu yekha, ngakhale popita kukamwa madzi. Mukafika, yambani mwaona potulukira, ndipo gwirizanani malo okumana wina akasokera. Musadziunjike kutsogolo kwa nsanja. Mukaona kuti simutha kukweza manja momasuka, tulukani cham'mbali nthawi yomweyo. Musaime pafupi ndi zokuzira mawu, pakuti khutu likalira mluzu pambuyo pa nyimbo ndiye kuti lapwetekedwa, ndipo kumva kukatayika sikubwerera. Musalandire chakumwa chotsegula kale kwa munthu wosamdziwa, ndipo musalowe m'nyanja dzuwa litalowa. Anyamata, mtsikana wa pa sukulu pano ndi mlongo wanu; mumuteteze monga wobadwa naye bere limodzi.

Aphunzitsi athu amatiuza kawirikawiri kuti sukulu itikonzekeretsa moyo wa kunja. Kunjako kuli nyimbo, kuli makamu a anthu, kuli mowa ndi onyenga, ndipo chaka chamawa ena a ife tidzakumana nazo popanda belu kapena mpanda. Nkwabwino kuti tiphunzire kuyenda pakati pa zimenezi tsopano, dzuwa likuwala, inu muli pambali pathu. Tiyeseni kamodzi, ndipo tikakuchititsani manyazi mudzatseke chipata, ife sitidzadandaula.

Wophunzira wa Fomu 3