Mwana afike tsiku loyamba: pempho kwa makolo, mafumu ndi anamkungwi

Makolo anzathu, mafumu athu, anamkungwi ndi angaliba, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti,

Ife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi tabwera ndi pempho limodzi: sukulu zikamatsegulidwa mu Seputembala muno, mwana aliyense akhale ali m'kalasi Lolemba loyamba lomwelo.

Ambirife timayesa kuti holide yaitaliyi aphunzitsi amangogona. Kadutseni pasukulu kutatsala sabata kuti atsegulire. Mukapeza aphunzitsi a sitandade 1 ali pakhonde ndi rula, akujambula mizere m'kaundula ndi kulemba sikimu ya teremu yonse, sabata ndi sabata, kuti ahedi asainire. Mabuku amene anatsekeredwa m'kabati mu Julaye awayanika padzuwa, akusankha amene chiswe chasiya. Ena angosamutsidwa kumene, katundu akadali m'matumba, nyumba yolowamo sinaoneke.

Atakonzeka chotero, belu likalira amalandira ana owerengeka. Enawo amabwera modontha, wina sabata yachiwiri, wina yachitatu, mpaka kalasi kusefukira. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono ambiri ana amapitirira 100. Tsono ndondomeko yophunzitsira kuwerenga imene inayamba mu 2016 imayenda mwadongosolo: lero liwu ili, mawa lembo lake, kenako maphatikizo. Mwana wofika sabata yachitatu amapeza anzake akuphatikiza kale, iye pensulo sadziwa n'kugwira komwe. Mphunzitsi atani? Akabwerera m'mbuyo, achedwetsa amene anafika pa nthawi. Akapitirira, wochedwayo watsala, ndipo ndi yemweyo amene adzabwereze kalasi, ife n'kumati aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi.

Anamkungwi ndi angaliba, mwambo sitikuletsa ayi. Tikungopempha kuti simba ndi ndagala zitsekedwe holide isanathe, ana apeze masiku opumula ndi kuchira. Mafumu, inu ndi amene mumaloleza zinamwalizi, choncho tsiku lotulukira lichokerenso pakamwa panu.

Makolo, nkhani ya yunifolomu isasunge mwana pakhomo. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, yunifolomu si yokakamiza. Malaya ochapa bwino akwanira, telala adzasoka pambuyo. Mwana amene wakwanitsa zaka 6 mukamulembetse chaka chino, musati adikire akule kaye. Kumbukiraninso kuti lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, ndiye kumutuma kumsika ndi mandasi kapena kudimba nthawi ya sukulu n'kulakwira lamulo. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi ali ndi mwayi wobwerera. Amayi a gulu loona za atsikana pasukulu alipo kuti amuperekeze kwa ahedi.

Pali ntchito inanso imene si ya mphunzitsi. Zimbudzi zadzadza, bwalo lamera thengo, ndipo madenga a nyumba za aphunzitsi akuonetsa nyenyezi, chonsecho mvula ya Novembala ili pafupi. Mphunzitsi wogona m'nyumba yodontha amapempha kusamuka, ndipo wolowa m'malo mwake sabwera msanga.

Loweruka lomaliza la holide tikumane pasukulu m'mamawa. Bwerani ndi makasu, zikwanje ndi matsache. Amene ali ndi luso la ukalipentala atenge hamala ndi misomali.

Ndife anzanu,
A komiti ya makolo ndi aphunzitsi