Masheya a mabanki akoma, koma taonani pomwe atsamira

Soya, mtedza ndi fodya zikagulidwa, pa Namitete ndalama zimayenda. Vuto ndi poziika. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adasunga ndalama zake pansi pa mphasa adangoona mtengo wa feteleza ukumusiya m'mbuyo.

N'chifukwa chake ambiri ayamba kufunsa za msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Sakulakwa ayi. Pomwe FDH Bank imalowa pamsikawu mu August 2020, sheya imodzi idali K10, ndipo amene adagula n'kudekha aona mtengowo ukuchulukana kangapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhawa yanga ili pa gwero la phinduli. Gawo lalikulu la zomwe mabanki athu amapeza ndi chiwongoladzanja cha ndalama zomwe amabwereketsa boma. Boma likamabweza bwino, mabanki amanona. Nanga likadzapunthwa? Ku Ghana zidachitika. Mu December 2022 boma lidauza omwe adalikongoza m'dzikomo kuti asinthe mapangano, adikire zaka zambiri ndi chiwongoladzanja chochepa, ndipo mabanki ambiri adatseka chakacho ndi malosi.

Kwathu kuno banki kudwala si nkhani yachilendo. Malawi Savings Bank idalemedwa ndi ngongole zosabwezedwa mpaka boma lidaigulitsa kwa FDH mu 2015. Ngongole zoipazo boma lidazisenza, kutanthauza kuti zidagwera misonkho ya inu ndi ine.

Apa tisiyanitse anthu awiri. Wosungitsa ndalama kubanki ali ndi bungwe la Deposit Insurance Corporation lomwe limamubwezera mpaka pa malire ena banki ikagwa. Wogula masheya alibe chishango chotere. Iye ndi mwini banki, ndipo mwini amadya pomalizira, ngati m'mbale mwatsala kanthu. Eni masheya a Lehman Brothers ku America mu September 2008 adapeza mbale ili gwa.

Ndiye tithawe? Ine ndikuti ayi, koma tilowe ngati alimi. Mlimi wa ku Nsaru kapena Kabudula sadzala fodya munda wonse. Amasiyako ndime ya chimanga ndi ya mtedza. Masheyanso chimodzimodzi: a banki pang'ono, ena a Airtel kapena TNM, ena a Illovo. Ndalama ya feteleza, ya fizi kapena ya ngongole ya banki m'khonde isapite kumeneko, chifukwa amene amapsa kwambiri mitengo ikagwa ndi uja wokakamizika kugulitsa mwezi womwewo. Ikani yomwe mungaiiwale zaka zisanu kapena khumi, ndipo mudzere kwa broker wovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi, osati munthu wongokupezani pa WhatsApp.

Ndipo nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, tcherani khutu pa mzere wa ngongole za m'dziko muno. Tsogolo la masheya anu a banki lili pamenepo.