Asidi wa ku Chambishi, repu ya ku Kasisi

Amai ndi atate a pa Soweto, pa City Market, pa Mtendere na pa Chelstone, lero tikambe za makina a migodi. Mungati izi sizikukhudzani, inu muli na tomato, repu na nsomba chabe. Dikirani mumve.

Mwala ukachoka mu mgodi, mkuwa weniweni umakhala wochepa, nthawi zambiri osafika makilo 3 pa makilo 100 aliwonse. Pa pulanti, makina oyamba amaphwanya mwalawo, kenaka chigayo chachikulu chokhala na mipira yachitsulo mkati chimaupera mpaka ukhale ngati ufa. Pa mapulanti ena ufawo amauthira m'matanki a asidi kuti mkuwa usungunuke. Mkuwa amautenga. Matope otsala, odzala asidi na poizoni, amawapopera ku damu la zinyalala.

Manje mvetsetsani apa. Pa pulanti yonse, damu limeneli ndilo silibweretsa olo ngwee imodzi. Chigayo chikaima, mwini mgodi sagona, amaitanitsa zitsulo pa ndeke. Koma khoma lolimba la damu, pulasitiki yokhuthala yoyala pansi kuti madzi asalowe m'nthaka, laimu wopha mphamvu ya asidi matope asanatayidwe, damu lachiwiri kumunsi lotchinga ngati loyamba lagumuka, zonsezi kwa iye ni ndalama zotuluka chabe. Ngati kulibe womuimirira pamsana, apa ndipo amaumira. Ndipo womuimirira ni boma, kudzera mu ZEMA na unduna wa migodi. Ndiyo nchito yomwe timawalipirira misonkho.

Pa 18 February 2025 damu la Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Akatswiri anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu Mwambashi, kupitirira mu Kafue. Nsomba zinafa mtunda wa makilomita 100. Minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsa. Ku Kitwe mipopi inatsekedwa. Boma linatuma ndeke za asilikali kukathira laimu mu mtsinje, laimu yemwe anafunika kuthiridwa pa pulanti damu likalibe kugumuka.

Chindapusa chake? K1.5 miliyoni. Ndalama yosagula olo Land Cruiser imodzi yatsopano. Inu kolera ikabwera, khansolo siyembekeza lipoti: katundu wanu amautaya tsiku lomwelo, ati ukhondo. Levi mumalipira tsiku lililonse, mwagulitsa simunagulitse. Nanga wothira asidi mu mtsinje womwe anthu mamiliyoni amamwa, lamulo lake ni lina?

Ndipo nkhani sinathere pamenepo. Kampani ya Drizit, yomwe inalembedwa kuti ipime kuonongekako, inati zinyalala zomwe zinatuluka zinapitirira matani 1.5 miliyoni, kuchuluka kutalitali kuposa zomwe tinauzidwa poyamba. Sino-Metals inakana zimenezi ndipo kontrakiti ya Drizit inathetsedwa. Mu August 2025 embasi ya America inachotsa anchito ake m'dera la Kitwe, boma lathu n'kumati palibe choopa. Amai ogulitsa nsomba za mu Kafue akhulupirire ndani? Kasitoma akafunsa kuti nsombayi yachokera kuti, amayankha ni amai, osati minisita. Musaiwalenso kuti madzi ambiri a m'mipopi ya Lusaka, omwe mumatsukira tomato m'mawa, amapopedwa mu Kafue yemweyo.

Kasisi ilowa bwanji? Kumeneko, kuseri kwa eyapoti, kuli alimi omwe ndiwo zawo zimafika pa matebulo anu. Kasisi Agricultural Training Centre, yomwe a Jesuit anayambitsa mu 1974, yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono kulima popanda mankhwala. Chuma cha anthuwa ni madzi a Ngwerere na Chongwe, komanso chikhulupiriro cha wogula kuti repu iyi ni yabwino. Asidi sanafike kumeneko, zoona. Koma boma lifuna mkuwa matani 3 miliyoni pa chaka pofika 2031, kuchoka pa matani pafupifupi 820,000 a mu 2024. Tani iliyonse yoonjezera imasiya matani makumimakumi a matope ofuna damu. Mapulanti atsopano sadzathera ku Copperbelt chabe. Mgodi wa Kangaluwi mu Lower Zambezi unalimbanidwa zaka zambiri ZEMA isanachotse chilolezo mu 2023. Ku Rufunsa, komwe kale kunali mbali ya Chongwe, anthu akukumba golide. Migodi yayandikira Great East Road yathu.

Sitikuti mkuwa usakumbidwe. Ana athu afuna nchito. Tikuti pulanti isamangidwe mwachinsinsi. Damu la ku Brumadinho ku Brazil litagumuka mu 2019 n'kupha anthu 270, makampani akuluakulu a migodi anavomereza malamulo atsopano mu 2020: damu lizionedwa na akatswiri oima paokha, ndipo anthu okhala kumunsi aziuzidwa chomwe chingachitike likagumuka. Bwanji kuno izi zikhale za chifundo cha kampani?

Aliyense wofuna kuika chigayo cha miyala na matanki mu Chongwe ayambe wapachika pulani ya damu lake pa khansolo na kwa amfumu Nkomeshya, m'Chisoli na m'Chinyanja, kuonetsa madzi adzapita kuti khoma likalephera. Asungitse ndalama yokonzera mtsinje makina asanalire, ndalama yeniyeni, osati ya Land Cruiser. Zotsatira za kupima madzi zizimatidwa mwezi uliwonse pomwe mlimi angawerenge.

Khansala kapena MP akabwera pa msika na chitenge chake, landirani, sitikuletsani. Koma mufunseni: madamu a zinyalala ali angati mu Zambia, ndipo kuchokera tsiku la Chambishi, ni angati omwe injiniya wosalipidwa na mgodi wapondapo?