Mtsinje wa Luangwa Usakokolole Mbiri ya Makolo

Ku Cape Agulhas, m'dziko la South Africa, nsanja ya nyali imene inayamba kuunikira zombo mu 1849 isunganso zinthu zamakedzana kuti anthu azikaona. Zambia alibe nyanja yamcere, koma anthu a m'boma la Mambwe ali ndi Luangwa, mtsinje umene David Livingstone anaoloka mu 1866.

Caka ndi caka madzi osefukira agumula magombe, nafukula mapale ndi zida zamiyala. Akatswiri a ku University of Liverpool amene anakumba m'cigwaci m'zaka za m'ma 2000 anapeza zida zosemedwa zaka zikwi mazanamazana zapitazo. Koma cinthu cotere cikacotsedwa pamalo pake, mbiri yake yafa, pakuti dothi limene cagonamo ndilo liuza akatswiri zaka zake.

Motero msodzi kapena mlimi akaciona, asatole kukagulitsa kwa alendo a ku Mfuwe. Lamulo la 1989 lifuna kuti bungwe la National Heritage Conservation Commission lidziwitsidwe. Mafumu a Akunda, monga a Nsefu ndi a Kakumbi, ayenera kucenjeza anthu ao dzinja lisanafike, cifukwa cimene madzi atenga sabweza.