Wofuna Kusula Mpeni Ayambire Pachipala cha M'dera Lake

Mawu akuti "kusula" timawagwiritsa ntchito kawirikawiri m'Chichewa. Timanena za sukulu yosula aphunzitsi, ndipo munthu akamaliza maphunziro ake timati wasulidwa. Koma mwa ife tonse amene timayankhula chonchi, ndi angati amene tidaimapo pachipala n'kuona chitsulo chikufiira pamoto? Fanizo tidalisunga, koma ntchito yomwe idabala fanizolo tidaisiya kuseri kwa msika, komwe akuluakulu ochepa akusulabe makasu, nkhwangwa ndi zikwanje.

Masiku ano chidwi pa ntchitoyi chayamba kubwerera, ngakhale kuti chadzera khomo lina. Achinyamata ena amaonera pa YouTube anthu a ku America ndi ku Ulaya akusula mipeni pongofuna kusangalala, ndipo pulogalamu ya pa kanema ya Forged in Fire, yomwe idayamba m'chaka cha 2015, idakopa anthu ambiri. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti chidwi chimenechi n'chabwino, ngakhale kwa ophunzira a pa yunivesite, koma kuti woyamba kumene ayenera kuyambira kwa wosula wa m'dera lake. Pafoni azipitapo pofuna kuonjezera nzeru basi.

Chifukwa choyamba ndi zipangizo. Munthu woonera makanemawa amaona ng'anjo zoyendera gasi, zitsulo zosulirapo zolemera zochokera kufakitale ndi makina onolera oyendera magetsi. Akaona mitengo yake amagwa ulesi n'kuganiza kuti ntchitoyi ndi ya anthu olemera. Wosula wa pamsika amatiphunzitsa zosiyana ndi zimenezi. Chipala chake ndi kadzenje kapena kachitunda ka dothi kokhala ndi paipi yolowetsera mphepo. Kale mphepoyo inkachokera mumvukuto wa chikopa cha mbuzi, koma lero ambiri amazunguza gudumu la njinga lomwe limayendetsa kafani. Posulira pake pamakhala chitsulo chilichonse cholemera ndi chosalala pamwamba, monga mutu wa nyundo yaikulu yophwanyira miyala woumangirira pachipika. Kupatula apo pamafunika nyundo yapakatikati, mbaniro yogwirira chitsulo chamoto, tupa ndi mwala wonolera. Zonsezi zimapezeka m'misika yathu, ndipo mbaniro yeniyeniyo wosula amadzisulira yekha. Woyamba kumene akaona zimenezi ndi maso ake amadziwa kuti chomwe chikumulepheretsa si ndalama.

Chifukwa chachiwiri ndi kadziwidwe ka chitsulo. Si chitsulo chilichonse chingapange mpeni wosunga kuthwa. Chinsinsi chake ndi kaboni yemwe amakhala m'chitsulomo. Zitsulo wamba zomwe amawotcherera mageti ndi mafelemu a mazenera zimakhala ndi kaboni wochepa kwambiri, kotero kuti ngakhale uzifiiritse n'kuziviika, siziuma mokwanira. Mpeni wake umaoneka bwino koma umabuntha usadamalize kudula nkhuku imodzi. Sipuling'i ya galimoto ija yokhala ngati thabwa nthawi zambiri imakhala ndi kaboni wokwana pafupifupi 0.6 peresenti, pomwe tupa yakale yabwino imakhala ndi kaboni woposa 1 peresenti. N'chifukwa chake osula athu amafunafuna zitsulo ziwirizi kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Munthu wa pa kanema amaitanitsa chitsulo chatsopano chokhala ndi nambala yake, zomwe kuno n'zovuta kupeza. Wosula wa kwathu amadziwa chitsulo pochimenya n'kumvera kulira kwake, pochikwecha ndi tupa, komanso poona mmene chikuthethekera pachonolera. Nzeru imeneyi ndi yomwe wophunzira wa kuno akuisowa, chifukwa zitsulo zomwe azigwiritsa ntchito ndi zakuthazo. Wosulayo amadziwanso kuti sipuling'i yomwe idayenda zaka zambiri m'misewu yokumbika imatha kukhala ndi ming'alu yobisika, ndipo amaitaya asadataye nayo nthawi.

Chifukwa chachitatu ndi chakuti ntchito yosula ili m'maso ndi m'dzanja. Ine ndimapita kwa bambo wina wachikulire yemwe amasulira pafupi ndi msika wa kwathu nthawi ya tchuthi. Sayankhula zambiri. Chitsulo chikafika pofiira mowala ngati lalanje amangoti, "Menyani tsopano, mwanawe," ndipo kuwalako kukayamba kuzilala amagwira dzanja langa kuti ndileke. Kumenya chitsulo chomwe chayamba kuzizira kumachiswa mkati, pomwe kuchisiya pamoto mpaka kuyamba kutulutsa nthethe zoyera kumachipsereza. Kamera siionetsa mitundu imeneyi molondola, ndipo mtundu womwewo umaoneka mosiyana padzuwa ndi pamthunzi. Ichi n'chifukwa chake chipala chimakhala pansi pa kachisakasa. Palibe kanema yemwe angakuuze kuti waimira patali, kapena kuti ukugwira nyundo mothina kwambiri kotero kuti chigongono chidzakupweteka. Safunsa adadya phula, ndipo foni siingakudzudzule pomwe ukulakwitsa.

Pamenepa ndiyenera kunena chilungamo: pali gawo limene mabuku ndi intaneti zimathandiza kwambiri, ndilo kufotokoza chifukwa chake zinthu zimachitika. Mpeni ukasulidwa n'kupalidwa ndi tupa umakhala usadaume. Kuti uume, umafunika kuufiiritsa kenako kuuziziritsa msanga. Sayansi imatiuza kuti chitsulo chimaleka kukoka maginito chikafika pa madigiri pafupifupi 770, ndipo mpeni umafunika kupitirira pang'ono pamenepo usadaviikidwe. Choncho maginito a musipika yakale ya wailesi amakhala ngati chida choyezera kutentha. Chitsulo cha sipuling'i ndi bwino kuchiviika m'mafuta ofunda, monga ophikira, chifukwa madzi amachiziziritsa mwadzidzidzi n'kuchisiya ndi ming'alu. Chikatuluka m'mafutamo chimakhala cholimba kotero kuti tupa imangoterereka, koma chimakhalanso chosachedwa kusweka ngati galasi. Ndiye pamafunika kuchitenthetsanso pang'ono, pa madigiri pafupifupi 200, mpaka pamalo popalidwa paoneke mtundu wa udzu wouma. Mtunduwo ukapitirira n'kufika pobiriwira ngati thambo, ndiye kuti mpeni wafewa kuposa muyeso. Osula ambiri a m'midzi amachita zimenezi mwa chizolowezi, ena mwaluso, ena mongoyerekeza. Wophunzira yemwe wawerenga akhoza kubweretsa nzeru imeneyi pachipala modzichepetsa, ndipo onse awiri apindula. Kuwerenga kumachenjezanso za ngozi zina zosaoneka, monga utsi wa chitsulo chokutidwa ndi zinki, ngati mapaipi oyera a madzi, womwe umadwalitsa munthu akaupuma. Koma nzeru ya m'bukuyi imamera bwino pamene munthu wayamba wagwirapo nyundo.

Chifukwa chachinayi ndicho chikukhudza kwambiri ife ophunzira ziyankhulo. Luso losula si lobwera m'dziko muno. Akatswiri ofukula zakale adapeza zizindikiro za anthu odziwa ntchito ya chitsulo m'malo monga Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, za zaka zoposa 1,500 zapitazo. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859 adapeza Amang'anja akuyenga chitsulo kuchokera m'miyala ya mtapo n'kumasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndipo adalemba zimenezi m'buku lomwe lidatuluka mu 1865. Aphoka a ku Rumphi adatchuka ndi makasu awo, ndipo m'nkhalango ya Kasungu mukadali mabwinja a ng'anjo zakale. Kuyenga chitsulo kudazilala cha m'ma 1930 pamene makasu ochokera kunja ndi zitsulo zakutha zidachuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, adachita kufunafuna nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za ku Phoka kuti ziwaonetse mmene ng'anjo inkagwirira ntchito, ndipo zomwe adapeza adazisindikiza mu 1987. Kuyenga kudapita motero. Chomwe chatsala ndi kusula, ndipo nacho chili m'manja mwa anthu okalamba.

Ntchito ikafa, mawu ake amafa nayo. Mwana wa m'tauni lero akamva mawu akuti mvukuto, mbaniro kapena nsompho amayamba wafunsa tanthauzo. Wachinyamata yemwe waphunzira kusula pa YouTube pokha adzadziwa dzina lachingerezi la kachipangizo kalikonse, koma adzasowa pogwira akafuna kufotokozera agogo ake zomwe akuchita. Yemwe waphunzirira pachipala amatenga luso pamodzi ndi chiyankhulo chake: maina a zida, mawu olamula, nthabwala ndi miyambi. Dikishonale ikhoza kusunga liwu, koma liwulo limakhala ndi moyo pokhapokha wina akaliitana pofuna kuti amupatsire chida.

Ndikudziwa kuti pali anthu amene sangagwirizane nane. Ena amati munthu wa digiri sayenera kudzidetsa ndi makala. Maganizo amenewa ndi omwe adatifikitsa pogula kumayiko akunja ngakhale mpeni wosendera mbatata. Boma lidakhazikitsa bungwe la TEVETA mu 1999 pofuna kukweza ntchito zamanja, koma malamulo okha sangachotse kunyoza komwe kuli m'mitima yathu. Kunyozako kudzachepa pamene anthu ophunzira adzayamba kukhala pansi pa mapazi a mmisiri n'kumutchula kuti mphunzitsi.

Ena amada nkhawa kuti kuphunzitsa achinyamata kusula mipeni n'kuwapatsa zida zoopsa. Nkhawayi ndi yomveka m'dziko lomwe zikwanje zavulaza anthu pa zaumbanda ndi pa zandale. Komabe chigawenga sichidikira masiku atatu pachipala. Chimakagula chikwanje pamsika ndi ndalama zochepa. Mpeni womwe ndikunena pano ndi wa kukhitchini, wosemera mipini kapena womezanitsira mitengo ya zipatso. Ndipo apa mpomwe kuphunzira kwa munthu wamkulu kumaposanso foni, chifukwa wosula amadziwa yemwe akumuphunzitsa, amadziwa makolo ake, ndipo akhoza kumukana akaona kuti mutu wake sukuyenda bwino.

Nkhani yovuta kwenikweni ndi ya makala. Mapiri athu ayera chifukwa cha kuotcha makala, ndipo m'chaka cha 2020 malamulo a zankhalango adakhwimitsidwa pofuna kuthana ndi makala opanda chilolezo. Munthu wosula pofuna kusangalala alibe chifukwa chodzikhululukira pa nkhaniyi. Ayenera kugula makala a chilolezo, kapena kuotcha ake kuchokera ku nsungwi ndi mitengo yodzala yekha. Chogwirira cha mpeni achitenge ku zidutswa zotsala kwa akalipentala. Chimodzimodzinso zitsulo: njanji, zikwangwani za pamsewu ndi zitsulo za pamilatho ndi katundu wa dziko, ndipo wozigula kwa wakuba ndi mnzake wa wakubayo. Ngati sitingathe kusula popanda kuononga, ndi bwino kuleka.

Pali chenjezo linanso kwa ife ophunzira. Wosula amadya kuchokera pachipala chake. Nthawi yomwe akukuphunzitsa ndi nthawi yomwe akadasula khasu logulitsa. Tisapite kumeneko chimanjamanja ngati kuti tikumuchitira chifundo pomuyendera. Tigwirizane naye za malipiro, tibwere ndi makala athu, ndipo tivomere kuyambira pozunguza gudumu la mphepo. Mpeni usakhalenso chinthu choyamba kusula. Msomali, mbedza ndi chokolekera mphika zimaphunzitsa kusongola, kupinda ndi kuphwatalala chitsulo popanda kuononga sipuling'i yabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, ndikupempha dipatimenti yathu kuti iganizirepo zotumiza ophunzira kwa amisiri otere, monga mmene imatitumizira kukatolera nthano ndi miyambi. Wophunzira aliyense atakhala sabata ziwiri pachipala cha kwawo, n'kulemba mawu onse omwe wamva pamodzi ndi ntchito yake, pakutha pa zaka zochepa tikhoza kukhala ndi kabuku ka mawu a ntchito yosula m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina. Akuluakulu odziwa mawuwa akadalipo m'misika ya m'maboma athu, ndipo ambiri a iwo alibe wowalowa m'malo.