Si Hamala Ayi, Ndi BP

Kumidzi kwathu kuno munthu wamkulu akagwa mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi n'kufa, mlandu umakhala watha kale: wamenyedwa hamala. Womenyayo sachedwa kupezeka. Amakhala gogo wina wosauka wa kumapeto kwa mudzi, kapena m'bale amene ankalimbirana naye dimba chaka chatha. Ine ndikukana zimenezi, ndipo ndikufuna ife a pasukulu pano tizizikana mokweza, chifukwa chimene chimamugwetsa munthuyo tinachiphunzira mu Bayoloje, tinachikopera m'makope, ena mpaka tinakhoza nacho mayeso.

Mtima umapopa magazi ndipo magaziwo amakankha makoma a mitsempha. Akamakankha mopyola muyezo kwa zaka zambiri, mitsempha imauma ndipo njira yake imachepa. Tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika, mbali ina ya ubongo n'kusowa magazi. Imeneyo ndiye sitiroko. Nanga n'chifukwa chiyani imafa ndi mbali imodzi yokha, ngati kuti wina anachita kulunjika? Chifukwa ubongo wa kumanzere umayendetsa thupi la kumanja, wa kumanja umayendetsa la kumanzere. Basi. Palibe amene anabwera usiku ndi hamala.

Kuipa kwa BP n'koti nthawi zambiri sipweteka. Munthu akulima bwinobwino, akupalasa kabaza, akuseka pa bawo, koma m'kati zinthu zikuwonongeka. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa. Amakumanga kalamba pamkono, kamafufuma, pasanathe mphindi ziwiri manambala atuluka. Akakhala cha m'ma 120/80 zili bwino. Akamafika 140/90 kapena kupitirira, ndipo akabwereza tsiku lina n'kupezanso chimodzimodzi, ameneyo ndi wodwala ngakhale akuoneka wa mphamvu. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Werengani akuluakulu a pakhomo panu, mugawe ndi 3, muone.

Ena amati amenewa ndi matenda a mabwana a ku Area 10, odya nyama tsiku lililonse. Eti? Nanga mchere umasankha nyumba? WHO imati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Ife timathira m'ndiwo pophika, tithirenso timakyubu tokometsera timene tili kale ndi mchere, therere tithire soda, kenako ndiwo zikafika pamphasa bambo asanalawe n'komwe ayamba kale kufunsa kuti mchere uli kuti. Pachiwaya ndiye musanene, aise, tchipisi imachita kuyera. Onjezanipo fodya ndi kachasu. Kukula nakonso kumaumitsa mitsempha, ndipo m'mabanja ena BP imayenda m'magazi, ndiye amene makolo awo anagwapo ndi sitiroko ndi oyenera kuyezetsa msanga.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha mankhwala. Munthu apezeka ndi BP, apatsidwa timapilisi monga HCTZ kapena amlodipine, amwa mwezi umodzi, amva bwino, asiya. Wina amuuza kuti adyo ndi mandimu zimachiza, wina amuuza kuti wapemphereredwa ndiye kumwa mankhwala n'kusakhulupirira. Ine sindikutsutsa pemphero, nanenso ndimapemphera. Koma mapilisi amenewa sachotsa BP ngati mmene LA amachotsera malungo. Amangoigwira kuti isakwere, ndipo ukasiya imabwerera mwakachetechete. N'zoona kuti nthawi zina munthu amayenda mtunda wautali n'kukauzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Zimenezo n'zopweteka ndipo tiyenera kudandaula nazo. Koma kusiya dala botolo lili lodzaza pawindo ndi nkhani ina.

Shuga nayenso amayenda limodzi ndi BP. Mukaona mayi akumwa madzi pafupipafupi, akudzuka kangapo usiku kukataya madzi, akuonda pamene akudya bwino, kapena bala la kuphazi silikupola, musathamangire kunena kuti anaponda mankhwala panjira. Kadontho kamodzi ka magazi a pachala kamayankha funso limenelo. Ng'ala imene imachititsa agogo khungu amaichotsa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kuona.

Palinso matenda oiwala a ukalamba. Gogo amatuluka usiku, osadziwa kumene akupita, n'kupezeka m'mawa pakhomo pa eni ake atasokonezeka, mwina osavala bwino. Anthu amati ndege yake yagwa. Akamufunsa mwaukali amavomera chilichonse, poti mutu sukugwira. Mu January 2016 ku Neno agogo anayi anaphedwa atanamiziridwa ufiti mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili m'buku, pamene gogoyo ali yekha pakati pa chigulu. Ndipo m'chigulumo, tinene zoona, ambiri otola miyala amakhala a msinkhu wathu.

Mwina wina akuti, "Ife ndi ana, tingawauze chiyani akuluakulu?" Zoona, sungaime pamaso pa bambo ako n'kuyamba kuwaphunzitsa ngati uli pa asembule. Koma m'nyumba zambiri amene amatha kuwerenga kabuku ka kuchipatala ndi ifeyo. Tikhoza kuona tsiku lobwerera n'kukumbutsa. Tikhoza kunena kuti, "Amayi, Lachitatu ndikuperekezeni kusikelo ya mwana, mukapemphenso akuyezeni BP." Atsikana ndi anyamata amene timaphika tikaweruka, dzanja la mchere ndi lathu. Ndipo wina akagwa, pakamwa papotoka, mawu sakumveka, tithamangire njinga yopita kuchipatala nthawi yomweyo. Maola oyambawo akathera kwa sing'anga, ubongo umene wafa subwerera.

Ambiri pano fizi yathu imachokera m'manja mwa munthu mmodzi, wa zaka za m'ma 40 kapena 50, amene sanayezetsepo BP chibadwire. Iyeyo akagona, teremu yotsatira desiki yako ikhala ya wina.

Pempho langa kwa a hedi ndi a komiti ya PTA ndi ili: pa msonkhano wa makolo ukubwerawu muitane a zaumoyo abwere ndi makina oyezera BP. Makolo amakhala pansi pa mtengo maola awiri kudikira kuti msonkhano uyambe. Ife a Fomu 3 tikonza mabenchi ndi kulemba mayina pamzere.